Masitadi a hedi ya injini: mafunso amene amabwera m'galaja ndi mayankho ake

Nkhani ya masitadi imafika m'galaja ndi anthu a mitundu iwiri. Woyamba ndi uja wawonjezera mphamvu ya injini yake, tebo ikukankha mpweya wochuluka kuposa umene fakitale inakonza, ndipo akangoponda moto pachitunda madzi akulavulidwa m'kabotolo ka redieta. Wachiwiri ndi uja gasiketi yamupsera kachitatu chaka chisanathe, watopa nazo, ndipo wina wamunong'oneza kuti akaika masitadi aiwala za hedi. Woyambayo masitadi amuthandizadi. Wachiwiriyo nthawi zambiri akukanda posayabwa. Mafunso ali m'munsiwa ndi a onse awiri.

Kodi sitadi n'chiyani, ndipo yasiyana pati ndi bawuti?

Chotsani tayala la Toyota kapena Nissan, muona ndodo zachitsulo zatsalira pa habu, zimene manati amamangirapo. Amenewo ndi masitadi. Ya hedi, mutu wa injini umene umatseka masilinda pamwamba pa buloko (thunthu la injini), ndi chimodzimodzi, kungoti ndi yaitali ndipo ili ndi mazinga mbali zonse ziwiri. Mbali ya mazinga akuluakulu imalowa m'buloko, ya mazinga ang'onoang'ono imatulukira pamwamba pa hedi, pomwe pamakhala washala ndi nati.

Bawuti ikamamangidwa imachita zinthu ziwiri nthawi imodzi: ikupotoka, ikutamukanso. Mazinga ake amazungulira m'kati mwa buloko uku akukoka ndi mphamvu yonse, ndiye ulendo uliwonse amapalako pang'ono mazinga a bulokoyo, makamaka ikakhala ya aluminiyamu. Sitadi imalowa m'buloko ilibe katundu, n'kukhala phee. Chimene chimazungulira ndi nati yokha, kumwamba, chitsulo cholimba pa chitsulo cholimba chinzake.

Mfundo imene ambiri saigwira ndi iyi: chimene chimapanikiza hedi si kulimba kwa nati ayi, koma kutamuka kwa ndodoyo. Ili ngati mphira wa legeni. Mukaukoka umafuna kubwerera, ndipo kufuna kubwererako ndiko kumafinya gasiketi pakati pa hedi ndi buloko. Sitadi yabwino ndi mphira wolimba kwambiri, wotha kukokedwa mwamphamvu osatheratu.

Ngati ndi abwino chonchi, bwanji a fakitale saika okha?

Mabawuti ndi otchipa ndipo makina a m'fakitale amawamanga onse pakamodzi m'kanthawi kochepa. Komanso mabawuti a fakitale si achabechabe. Ambiri a masiku ano ndi aja amamangidwa kufika pa nambala inayake, kenako buku n'kunena kuti zunguzani madigiri 90, mwina kawiri. Kuzunguza kumeneko kumatamula bawuti kufika poti singabwererenso bwinobwino, ndipo pamalo amenewo mabawuti onse amakoka pafupifupi mofanana. Pa injini imene ili mmene inabadwira, njirayi imagwira ntchito zaka ndi zaka.

Vuto lake ndi lakuti bawuti yotereyi yafika kale kumapeto kwa mphamvu zake. Mukawonjezera moto m'silinda, ilibenso pobwezera. Ndipo ikamasulidwa siyenera kungobwezeredwa m'chimbulimbuli. Opanga ena amati itayidwe, pomwe mabuku ambiri a Toyota amati muyeze kunenepa kwake pamalo amene imaonda, ikachepera malire mugule ina. Ndi amakaniko angati amene amayeza? Ine ndaona ochepa.

Injini zina zinabadwa ndi masitadi, monga ya Volkswagen Beetle yakale ija yozizira ndi mphepo.

Ndidziwa bwanji kuti injini yanga ikufunika masitadi?

Ikufunika ngati hedi ikunyamuka. Moto wa m'silinda ukakula kuposa mphamvu ya mabawuti, hedi imatukuka pang'ono kwambiri, mwina kuchepera tsitsi limodzi, utsi n'kudutsa pa gasiketi kulowa m'njira za madzi. Zizindikiro zake n'zodziwika: mukamayenda pang'onopang'ono m'tauni zonse zili bwino, koma mukaponda kwambiri kabotolo ka madzi kamasefukira, mapaipi a redieta amauma gwa ngati tayala la njinga, ndipo m'mawa mwake amapezeka akadali olimba injini itazizira. Pali timadzi ta buluu toyezera utsi pakamwa pa redieta. Tikasanduka tachikasu pa injini ya petulo, kapena tobiriwira pa ya dizilo, ndiye kuti utsi ukulowadi m'madzi.

Chitsanzo chotchuka ndi cha ku America. Injini ya dizilo ya Ford ya malita 6.0, yotchedwa Power Stroke, imene inali m'mapikapu awo akuluakulu kuyambira 2003 mpaka 2007, inali ndi mabawuti akuluakulu 10 okha pa hedi iliyonse, kutanthauza anayi kuzungulira silinda imodzi. Imene inalipo iyi isanabwere, ya malita 7.3, inali ndi asanu ndi limodzi pa silinda. Eni magalimoto atayamba kusintha makompyuta kuti injini zikoke kwambiri, mahedi anayamba kunyamuka, ndipo kuika masitadi kunasanduka mwambo pa injini imeneyo. Kumeneko matenda ndi mankhwala zinagwirizana.

Koma Vitz, Sienta kapena Corolla yopita kuntchito ndi kutchalitchi, imene palibe anaigwira, siikufuna masitadi. Mabawuti atsopano enieni ndi gasiketi yabwino n'zokwanira.

Hiace yanga ya dizilo gasiketi ikungopsa. Masitadi sathetsa vutoli?

Sathetsa, achimwene, ngati chopsereza gasiketicho chikadali pomwepo. Gasiketi zambiri kuno zimapsa chifukwa injini yawira. Minibasi yadzaza anthu ndi matumba, ikukwera Thabwa kuchokera ku Chikwawa mu Okutobala kapena ikulimbana ndi Chiweta, redieta yatsekeka ndi dzimbiri chifukwa chothira madzi a pachitsime, fani ya visikasi inafooka kalekale, themositati anaichotsa n'kuiponya kutchire. Hedi ikatentha mopitirira imapindika kapena kung'aluka. Injini za 1KZ-TE za mu Prado, Hilux Surf ndi Hiace zimadziwika ndi kung'aluka hedi zikawira, chimodzimodzinso 2L-T ya Toyota ndi 4D56 ya Mitsubishi. Mng'alu sumva za sitadi. Mungamange mpaka thukuta kamukamu, madzi azidutsabe.

Tsono musanaganize za masitadi, hedi ipite kokaiyeza ngati ilibe mng'alu, ndipo iyezedwe ndi chitsulo chowongoka ndi timapepala tachitsulo toyezera mpata. Pa injini zambiri za petulo za Toyota kupindika kololedwa ndi mamilimita 0.05 okha. Muyezenso pamwamba pa buloko, chifukwa ambiri amasikima hedi (kuipala pa makina kuti iwongoke) n'kuiwala kuti buloko nayo imapindika. Pa dizilo pali chinanso: magasiketi amabwera onenepa mosiyana, ndipo yoyenera imasankhidwa poyeza mmene mapisitoni atulukira pamwamba pa buloko. Kugula iliyonse imene wa mashopu wakupatsani ndiko kuitana ulendo wachinayi.

Bawuti ina ikungozungulira osalimba. Ndiike sitadi pamenepo?

Ayi. Pamenepo mazinga a m'buloko azuka, ndipo sitadi imagwira pa mazinga omwewo. Mukaika sitadi yamphamvu m'bowo lakutha, idzangotuluka nazo zotsalazo.

Amene ali ndi injini ya Toyota ya malita 2.4 yotchedwa 2AZ-FE amvetsere, pakuti yadzaza m'magalimoto obwera kuchokera ku Japan: Camry, RAV4, Ipsum, Estima, Alphard, Harrier. Pa za zaka zoyambirira, kufika cha m'ma 2006, mazinga a mabawuti a hedi amazuka m'buloko ya aluminiyamu, makamaka a pakati kumbali yolowera mpweya. Madzi amayamba kuchucha kuseri kwa injini, pansi pa manifodi, pamalo ovuta kuona. Mankhwala ake ndi kuboola bowolo, kudula mazinga atsopano okulirapo, n'kuikamo kachitsulo ka mazinga monga Time-Sert kapena Helicoil. Kuboolako kumafuna chida chowongolera kuti bowo lisapendame, osati diliro yapamanja ndi diso lokha. Ndipo poti hedi yachoka kale, ine ndimakonza mabowo onse 10, osati limodzi lodwalalo, chifukwa anzakewo anamva kutentha komweko. Zikatero, mukafuna masitadi ikani.

Manambala a masitadi monga 8740, 2000, L19 ndi 625 akutanthauza chiyani?

Ndi mitundu ya chitsulo, malinga ndi mmene imatchulira kampani ya ARP ya ku California, imene inayamba mu 1968 ndipo ndiyo yotchuka kwambiri pa malonda amenewa. Cha 8740 chimapirira kukoka kwa psi (mapaundi pa sikweya inchi imodzi) pafupifupi 190,000. Cha ARP2000 chimafika 220,000, cha L19 chimafika 260,000, ndipo cha Custom Age 625+ chimayambira pomwepo kukwera. Mtengo nawonso umakwera motsatira.

Musathamangire nambala yaikulu. L19 ndi yamphamvu koma ndi yanyinyirika: imadana ndi chinyezi, moti ngakhale thukuta la m'manja lingayambitse dzimbiri ndi timing'alu tosaoneka. Imagwiridwa ndi magolovesi ndipo imasungidwa yopakidwa oyilo. Pa galimoto yoyenda mumsewu tsiku ndi tsiku, m'dzinja la kwathu kuno, 8740 kapena ARP2000 ndi yokwanira. Komanso sitadi ikaposa mphamvu ya buloko, chogonja chimakhala buloko.

Ndapeza masitadi otchipa pa intaneti, zilembo zake n'zomwezo. Ndigule?

Achinyengo alipo, ndipo a ARP eniake amachenjeza za zimenezi. Sitadi yeniyeni mazinga ake amapangidwa mochita kudinda chitsulo chitawotchedwa kale n'kulimba, ndipo n'chifukwa chake sathyokera m'mazinga. Yabodza ndi maso imaoneka chimodzimodzi, koma imatamuka ngati chingamu musanafike n'komwe pa nambala. Mukamaitanitsa kuchokera ku South Africa kapena kwina kulikonse, gulani kwa wogulitsa wodziwika, onani nambala ya seti kuti ndi ya injini yanu, ndipo m'bokosi mukhale pepala la malangizo ndi kapaketi ka girisi. Mtengo ukatsika modabwitsa, dabwani ndithu.

Ndikonze chiyani ndisanalowetse sitadi yoyamba?

Apa ndiye pagona ntchito yonse, ndipo ndi pamene anthu amathamanga. Kumanga manati ndi mphindi makumi awiri. Kuyeretsa mabowo kungakudyereni m'mawa wonse.

M'bowo lililonse mumakhala oyilo wakale, madzi amene anagweramo pochotsa hedi, dzimbiri ndi zinyenyeswa za gasiketi. Yambani ndi kudutsitsamo chida choyeretsera mazinga. Samalani pamenepa: tapu yodulira mazinga atsopano si yoyeretsera. Imasenga chitsulo, mazinga n'kutsala oonda. Choyeretsera chenicheni chimangokokolola litsiro. Ngati mulibe, tengani bawuti yakale ya hedi yomweyo, muidule timizere tiwiri kapena titatu m'litali mwa mazinga, muchotse tizitsulo totsalira m'mphepete, ndipo igwira ntchito. Kenako tsukani ndi mankhwala otsukira mabuleki, upirani ndi mpweya wa kompuresa mutaphimba pakamwa pa bowo ndi kansalu kuti zisakulowereni m'maso kapena kugwera m'masilinda. Unikani ndi tochi. Pansi pa bowo pazioneka pouma.

Chifukwa chake n'chakuti madzi ndi oyilo sizifinyika. Mabowo ambiri ndi otseka kunsi, ndipo ndodo ikatsikira pa madzi otsekeredwa, mphamvu yonse imapita m'makoma a bowo. Ndili wophunzira ntchito ndinaona buloko itang'aluka mwa njira imeneyi. Bwana wathu anali pachangu, mwini galimoto ataima pambali akuyang'ana wotchi, ndipo tinangomva kuti the! Tonse tinayesa sipanala yaterereka. Mawa lake madzi anali m'oyilo, ndipo injini imene inabwera ndi vuto la gasiketi inatuluka ikufuna buloko ina.

Onaninso timapini tiwiri tolondolera hedi pa buloko. Masitadi salowa m'malo mwake. Ndipo ngati gasiketi yanu ndi ya zitsulo zosanjikiza, nkhope za hedi ndi buloko zikhale zosalala kwambiri, pakuti gasiketi imeneyi siikwirira mikwingwirima ngati zija zofewa zakale. Sandipepa wapamanja kapena chopukusira cha pa diliro zimasiya timaenje tosaoneka.

Sitadi ndiimange mwamphamvu bwanji m'buloko?

Ndi zala basi. Pakani oyilo pang'ono pa mazinga a kunsi, ilowetseni ndi dzanja mpaka itafika, muilekere pomwepo. Ambiri ali ndi kabowo ka Allen pamwamba. Kabowo kameneko ndi kothandizira kulowetsa ndi kutulutsa, osati koti mukolekepo chipaipi. Mukaikanikiza sitadi pansi pa bowo kapena pothera mazinga, mumatupitsa chitsulo cha buloko pamenepo, ndipo mukadzamanga nati katunduyo amawirikiza.

Ngati sitadi ikukana kulowa ndi zala, si sitadi yolakwa. Bwererani kokayeretsa. Onse akalowa, gonekani chitsulo chowongoka pamwamba pawo. Ikapezeka ina yotalika kuposa inzake ya msinkhu womwewo, m'bowo lake muli kanthu. Seti zina zimakhala ndi masitadi aatali ndi aafupi, ndiye werengani pepala mudziwe malo a iliyonse.

Nanga zomatira mazinga monga Loctite kapena silikoni?

Pa mabowo otseka kunsi palibe chifukwa. Koma injini zina, monga V8 yakale ya Chevrolet, mabowo ake amatulukira m'njira ya madzi. Pisani waya muone. Ngati bowo latulukira, pakani mankhwala otsekera mazinga kuti madzi asakwere ndi sitadi n'kukasakanikirana ndi oyilo pamwamba. Mukagwiritsa ntchito chomatira chimene chimauma, malizani kumanga manati chisanaume, kuti sitadi ikhazikike itakokedwa kale.

Girisi wa m'bokosi watayika. Ndingapake oyilo wa injini?

Musatero, pokhapokha pepala litapereka nambala ya oyiloyo. Ndifotokoze bwino, chifukwa apa m'pamene masitadi okwera mtengo amasanduka achabe.

Torque wrench, sipanala ija imalira mukafika pa nambala imene mwaika, siyeza kutamuka kwa sitadi. Imangoyeza kuvuta kwa kuzunguza nati. Pa mphamvu yonse imene mkono wanu ukupereka, pafupifupi magawo 9 mwa 10 amathera pa kukhulana: theka pansi pa nati, ena m'mazinga. Gawo limodzi lokha ndilo limatamula sitadi. Ndiye taganizani: mukasintha choterereretsa, kukhulana kukatsika kapena kukwera pang'ono chabe, kagawo kakang'ono kaja kamasintha kwambiri. Nambala yomweyo pa chida, koma kukoka kosiyana kutalitali. Mukamanga pouma, chida chimalira msanga hedi isanapanikizike. Mukapaka girisi woterera kuposa amene anayesera, mumadutsa malire, sitadi n'kutamuka kosabwerera kapena mazinga a buloko n'kuzuka.

Nambala ya pa pepala ndi girisi wa m'bokosi ndi mtolo umodzi. A ARP amapereka manambala awo poyesera girisi wawo wotchedwa Ultra-Torque. Akatayika, itanitsani wina, galimoto idikire. Pakani pa mazinga a kumwamba ndi pansi pa nati paliponse, mokwanira koma osachita kumiza.

Washala ili ndi mbali yake?

Ili nayo. Ngati pakamwa pa bowo lake pasemedwa mbali imodzi, mbali imeneyo iyang'ane kumwamba. Ena amakhala okhakhala mbali imodzi, ndipo yokhakhalayo imagona pa hedi kuti igwire. Pansi pa washala ndi pamalo pamene ikukhala pa hedi pakhale pouma, popanda oyilo ngakhale dontho. Girisi apite pamwamba pokha. Washala ikayamba kuzungulira limodzi ndi nati imasanduka ngati bering'i, kukhulana kumatsika mwadzidzidzi, ndipo mumapitirira muyezo chida chisanalire. Ikani kadontho ka penti pa washala, mudzaona ngati yasuntha. Musaike mawashala a ku hadiweya, ndi ofewa, amaphwanyika.

Nditsate nambala ya m'buku la galimoto kapena ya pa pepala la masitadi?

Nambala tengani ya pa pepala la masitadi. Ndondomeko ya kuti iyambe iti, itsatire iti, tengani ya m'buku la galimoto. Pa injini zambiri mumayambira pakati n'kumazungulira kupita kunja, ngati mayi akusalaza nsima m'mbale, kuti gasiketi iyalike osakwinyika. Pomasula mumayambira kunja kubwera pakati, injini itazizira.

Mangani m'magawo atatu ofanana. Ngati nambala yomaliza ndi 120, zungulirani onse pa 40, kenako pa 80, n'kumalizira pa 120. Madigiri 90 aja a m'buku muwaiwale. Ndi a mabawuti otamuka, ndipo mukawawonjezera pa sitadi mwaipha.

Tsono chenjerani ndi miyezo. Mapepala ochokera ku America amalemba ft-lb, zida zambiri kuno zimawerenga Nm, ndipo mabuku akale a ku Japan amalemba kgf-m. Ft-lb imodzi ndi Nm 1.356, ndipo kgf-m imodzi ndi Nm 9.8. Pepala likati 90 ft-lb, pa chida cha Nm ndi 122. Mukaika 90 Nm, hedi yatsala ndi gawo limodzi mwa anayi kuti ilimbe, ndipo mudzanena kuti masitadi ndi bodza. Pa Ford ya 6.0 ija nambala yomaliza ndi 210 ft-lb, pafupifupi 285 Nm, moti chida chaching'ono sichifikako n'komwe.

Makaniko wanga alibe torque wrench koma akuti mkono wake umadziwa.

Mkono umadziwa zambiri, ndipo amisiri a ku Ndirande ndi ku Biwi amachita zodabwitsa ndi zida zochepa. Koma izi zokha ayi. Bwerekani chida kapena pitani kwa amene ali nacho. Chikhale choti nambala yanu ili chapakati pa muyezo wake, osati kumapeto. Kokani mosadukiza, chilire nati ikuyenda. Mukaima pafupi ndi pothera n'kuyambanso, chimalira nati isanasunthe, chifukwa kudzutsa nati yoima kumafuna mphamvu yoposa kuiyendetsa. Chikalira kamodzi, basi, osabwereza kuti mutsimikize. Mfuti ya mpweya isayandikire. Ndipo manati ambiri a masitadi ali ndi makona 12, ndiye konzeranitu soketi yake, yopyapyala bwino kuti ilowe pakati pa masipuling'i a mavavu.

Ndingasinthe imodziimodzi osachotsa hedi?

Anthu amachita, makamaka pa injini za Cummins za malita 5.9 ndi 6.7 za m'mapikapu a Dodge Ram, zimene zili ndi mabawuti 26 ndipo hedi ndi buloko zonse n'zachitsulo cholemera. Amachotsa bawuti imodzi, kuika sitadi, kuimanga, n'kupita pa ina, motsata ndondomeko. Otsala 25 aja amagwirizira hedi.

Zimatheka pokhapokha gasiketi ikadali yamoyo. Ngati yayamba kale kudutsitsa utsi, njira yapsa kale, ndipo kuipanikiza sikuitseka. Vuto lina n'lakuti simungaone pansi pa bowo, ndipo oyilo wa pamwamba pa hedi amatsikiramo mukangozula bawuti. Pa injini yaing'ono ya mabawuti 10 ndi hedi ya aluminiyamu, ine sindichita. Kumasula imodzi kumasiya dera lalikulu lopanda chogwira. Mtengo wa gasiketi ndi wochepa poyerekeza ndi kugwira ntchito kawiri.

Pali zimene masitadi amavutitsa?

Zilipo. Ndi mabawuti, mukamasula hedi imangosendezeka n'kutuluka. Ndi masitadi iyenera kukwera molunjika mpaka itadutsa nsonga zawo. Pa Subaru ya injini ya EJ, monga Forester ndi Legacy, masilinda anagona cham'mbali ndipo mahedi ayang'anizana ndi chasisi, moti malo amenewo palibe. Mumayenera kuzula masitadi onse asanu ndi limodzi a mbali imeneyo ndi Allen, kapena kutulutsa injini. Tikadali pa Subaru pomwepo: kuchucha kwa gasiketi kumene EJ25 yopanda tebo imadziwika nako kunkachokera ku gasiketi yeniyeniyo, ndipo mankhwala ake ndi gasiketi yabwino ya zitsulo zosanjikiza, osati masitadi.

Onaninso kuti nsonga za masitadi sizikugunda kamushafuti, marokala kapena chivundikiro cha pamwamba. Zunguzani injini ndi dzanja kawiri musanalize. Ndipo ngati hedi inasikimidwa kangapo, yafupika. Nati ikhoza kufika pothera mazinga isanapanikize hedi, chida n'kulira bwinobwino pamene hedi ili lendelende. Yezani zimenezi musanaike girisi.

Chomaliza n'cha amene akumanga injini yonse. Kukoka kwamphamvu kumapotoza masilinda pang'ono kumwamba kwake. Ndiye ngati buloko ikupita kokaboola, amisiri abwino amamangapo chitsulo chochindikala choyerekeza hedi, ndi masitadi omwewo pa nambala yomweyo, kuti silinda ikhale yozungulira bwino ili pa katundu.

Ndikaliza injini, ndidzamangenso?

Zimadalira gasiketi. Ya zitsulo zosanjikiza kawirikawiri siifuna. Zofewa zina ndi za kopa zimaphwa zikatenthedwa koyamba, ndipo opanga ake amanena kuti mumangenso. Tsatirani iwowo. Mukamanganso, injini ikhale yozizira kwenikweni, yogona usiku wonse. Aluminiyamu amafufuma ndi kutentha pafupifupi kawiri kuposa chitsulo, ndiye hedi yotentha imakhala itakoka kale masitadi ndipo chida chidzakunamizani. Gwirani nati imodzi nthawi imodzi, motsata ndondomeko ija: ibwezeni pang'ono, muikokenso mpaka pa nambala.

Tsiku loyambalo tulutsani mpweya wonse m'madzi, hita ili yotsegula, ndipo dikirani fani izungulire. Masiku oyamba yendani mofatsa, mukuyang'ana kabotolo m'mawa uliwonse.

Hedi ikadzachokanso, masitadi omwewa adzagwiranso ntchito?

Eya, ndipo apa m'pamene ndalama yanu imabwerera, chifukwa sitadi yomangidwa pa nambala yake siifika potamuka kosabwerera. Akadali atsopano, yezani kutalika kwa iliyonse, mulembe pa chikatoni pamodzi ndi malo ake, musunge limodzi ndi pepala la malangizo. Podzamasula yezaninso. Imene yatalika, imene yaonda penapake, ya dzimbiri lodya chitsulo, kapena imene nati yake ikukakamira poyendetsa ndi zala, ichotsedwe. Ngati injini inawira kwambiri kapena inamwa madzi mpaka kuima, yezani mosamala kawiri. Tsukani girisi yense wakale, mupake watsopano wa mtundu womwewo, ndipo mawashala amene alembeka mizere yakuya musinthe pamodzi ndi manati ake.